Tsiku limene a NyaMtonga anachapa lipoti langa ndi sopo

Anzanga, nkhani iyi ndaisunga miyezi ingapo, ndipo ngakhale amayi anga amangodziwa theka lake. Mukafuna kuseka sekani, nanenso ndimaseka ndikaikumbukila, kungoti kuseka kwanga sikufika patali.

Nditamaliza Giledi 12 ndinakhala pakhomo ku Mwase zaka ziwili, kuthandiza amayi kumunda wa nshawa ndi kudikila malo ku koleji. Atate ndi aphunzitsi, tinachokela ku Chipata ine ndili wamng'ono, ndiye Chitumbuka ndimachimva bwino koma ndikachiyankhula anthu amayang'ana kumbali kuti ndisaone kuti akuseka. Chinanso muyenela kudziwa n'chakuti ndine wamanyazi. Mlendo akafika pakhomo ine ndimapezeka kuti ndili ndi ntchito kuseli kwa nyumba.

Tsiku lina mu Okutobala msuweni wanga Tamala, amene amagwila ntchito ku Chipata, anandiimbila foni. Anati kampani ina yogulitsa mbewu ndi mankhwala a kumunda ikufuna munthu wosadziwika pa boma la Lundazi, woti akalowe m'shopu yawo ngati wogula wamba, akaone mmene ogulitsa akugwilila ntchito, kenako adzaze fomu. Anati iye anangomva choncho n'kuganiza za ine, chifukwa ine anthu sandiona ngakhale nditaima patsogolo pawo. Sindinadziwe ngati akunditama kapena akundinyoza, koma ntchito ndinkaifuna, ndiye ndinavomela.

Mawa lake anandiimbila madamu ena a ku kampaniko, a mawu othamanga. Anandiuza kuti ndikagule kapaketi ka mbewu, ndikafunsenso za mankhwala a mbozi za m'chimanga. Fomu ananditumizila kudzela kwa kondakitala wa minibasi, masamba awili odzaza mafunso: kodi anakupatsani moni mutangolowa, munadikila mphindi zingati, anavala yunifomu, anamwetulila, pansi panali posesa, mitengo inalembedwa, anakupatsani lisiti, ndi ena otelo. Lamulo lalikulu linali lakuti fomu itsale kunyumba, kabuku ayi, foni ikhale m'chikwama, zonse ndisunge m'mutu. Ndinafunsa mwaulemu kuti nanga wogulitsa akapezeka kuti sanakwanitse amamutani. Madamu anati amamuchotsa pa kauntala, basi, ndipo anapitiliza kunena za nthawi ya minibasi. Mawu amenewo ndinawamva, koma anangodutsa. Maganizo anga onse anali pa ine ndekha.

Vuto langa n'lakuti ndikachita mantha mutu wanga umasanduka lichelo, sumasunga madzi. Mafunso onsewo m'mutu uti? Ndinaganiza, ndinaganiza, mpaka ndinapeza nzelu imene ndinaiona ngati ya munthu wophunzila. Madamu analetsa kabuku ndi foni, koma za dzanja sananene chilichonse. Ndinamanga bolopeni ya buluu pa mfundo ya chitenje, ndinavala bulauzi ya manja aatali yoti ibise zolemba, ndinamanga duku la amayi kuti ndioneke mlimi weniweni, ndi kukwela minibasi ya ku boma. Bulauzi ya manja aatali mu Okutobala wa ku Lundazi! Ndinafika pa boma nditanyowa kale msana.

Shopuyo inali yodzaza, paja ndi nyengo imene aliyense amakonzekela mvula. Njinga zinali zitatsamila khoma kunja, mkati matumba a feteleza mpaka kudenga, fungo la mankhwala lokanda pakhosi. Wogulitsa anali mmodzi yekha, mayi a msinkhu wa amayi anga, atavala delesi lakuda ndi duku lakuda. Alimi ankawaitana kuti a NyaMtonga. Nditalowa sanadzutse n'komwe mutu. Anali atawelamila pa kauntala ndi agogo ena aamuna ochokela ku Magodi amene sankatha kuwelenga, ndipo ankawamangila kaulusi kuzungulila kakapu koyezela mankhwala, kuti akafika kumunda azithila kufika pa ulusipo osapitilila. Anawabwelezela katatu, agogowo n'kubwelezanso okha, mpaka onse awili anakhutila. Ndinaona zimenezo ndipo zinandikhudza mtima, koma pa fomu panalibe funso la ulusi. Panali funso la mphindi, ndiye ndinayang'ana wotchi ya pakhoma. Zinakwana khumi ndi imodzi.

Ndinazembela kuseli kwa matumba ngati ndikuona mitengo, ndinamasula bolopeni, ndi kulemba m'chikhato cha kumanzele: SANANDIPATSE MONI. MPHINDI 11. YUNIFOMU ALIBE. Mwana wa aphunzitsi ine, ndimalemba zilembo zazikulu zooneka bwino, ndiye chikhato chinadzaza pomwepo.

Nditatuluka kuseliko ndinangoti maso ndi maso ndi a NyaMtonga. "Monile, mama. Phepani, mwaima nthawi yaitali," anatelo akutambasula dzanja. Ine ndi mantha ndinaiwala kuti dzanja lamanja lilibe kanthu, ndinakunga zibakela zonse ziwili ndi kuwapatsa pamkono, monga amachitila munthu amene wagwila zonyowa. Anagwila pamkonopo. Ndinayankha moniyo m'Chitumbuka changa chopunduka, ndipo iwo osaseka, osandifunsa kuti ndine wa kuti, anangosinthila ku Chinyanja ngati ndi mmene anafunila kuyambila pachiyambi.

Ndinanena mawu amene ndinaloweza m'minibasi, kuti mbozi zandithela chimanga. Anandiyang'ana pang'ono. Mu Okutobala, anzanga, mvula isanagwe ndi dontho limodzi, minda yonse ili fumbi lokhalokha, ine mbozi zikundithela chimanga chiti? Koma iwo anandipulumutsa okha, anafunsa ngati ndikunena chimanga cha kudimba. Ndinavomela msangamsanga, ndipo kuchokela pamenepo ndinakhala mwini dimba limene sindinalionepo. Anandifunsa kukula kwake, ndinatchula. Anandifunsa ngati pafupi pali chitsime chomwe anthu amamwa, ndinati chilipo, iwo n'kuyamba kundilangiza bwinobwino mmene ndingapopele kuti madzi asaonongeke. Ankadela nkhawa chitsime chabodza cha munthu wabodza.

Pa kauntala panali kambale ka mbewu ya chitsanzo, ija yothila mankhwala, ya mtundu wa buluu. Pofuna kuoneka mlimi wodziwa, ndinatapa ndi dzanja lamanja n'kumaipukusa m'zala monga amachitila atate. A NyaMtonga anandiuza kuti ndiibweze, ndipo ndisagwile kukamwa kapena m'maso ndisanasambe, chifukwa utoto umenewo ndi poizoni. Pamenepo n'kuti m'mutu mwadzazanso zinthu zofunika kulemba, ndipo zina zayamba kale kutayika. Ndinapempha chimbudzi.

Anandipatsa kiyi womangilila ku kathabwa, kenako anatsegula chikwama chawo n'kutulutsa kasopo kawo kokulunga m'pepala, kuti ndikasambe m'manja pa mpopi wa kuseli. Chimbudzicho chinali cha malata mbali zonse, chotentha ngati uvuni wa njelwa. Nditatsegula chikhato ndinapeza thukuta layamba kusungunula zilembo, ndiye ndinapinda dzanja la bulauzi ndi kukopela zonse pamkono, pomwe panali pouma. Ndinawonjezela: AVALA ZAKUDA. SANAMWETULILE. PANSI PALI FUMBI. Sopo uja sindinamugwilitse ntchito, ndinkaopa kuti madzi angafike pa lipoti. Ndinangomunyowetsa pang'ono kuti aoneke ngati wagwila ntchito. Mpaka lelo, pa zonse zimene ndinachita tsiku limenelo, kunyowetsa sopo kuja n'kumene kumandichititsa manyazi kwambili.

Ndinabwelela mkati, ndinaona mashelufu, ndinaona kuti mabotolo ena alibe mitengo, ndinaopa kuiwala, ndinapemphanso kiyi. Anandipatsa, koma anandiyang'ana nthawi yaitali kuposa poyamba. Nditabwelako ndinagula kapaketi kanga, anandipatsa lisiti, ndipo munthu wanzelu akanatuluka pamenepo n'kukalemba zotsalazo pansi pa mtengo wa mango, kutali. Kodi ndinatelo? Ayi. Ndinaona kuti nthawi yotulukila nayonso ikufunika pa fomu, ndinaona kuti kiyi ali pafupi, ndinapempha kachitatu. Ulendo umenewu ndinakhalitsamo, chifukwa mkono unali utadzaza mpaka m'chigongono ndipo ndinkasaka malo. Thukuta linkalowa m'maso. Ndinalipukuta ndi chikhato cha kumanzele, pachipumi, m'masaya, pakamwa, monga amachitila munthu aliyense.

Nditatsegula chitseko ndinapeza a NyaMtonga ataima panja, atasiya ogula m'shopu. Atangoona nkhope yanga, yawo inasintha. Ine sindinkadziwa kuti milomo yanga ndi masaya zili buluu. Iwo ankaona mtsikana amene wagwila mbewu ya poizoni ya buluu, wapita kuchimbudzi katatu, akutuluka thukuta ngati wagwela m'madzi, akunjenjemela, ndipo tsopano milomo yasanduka mtundu wa mbewuyo. Inu mukanaganiza chiyani?

Anandifunsa ngati m'mimba mukupweteka. Munthu wochoka kuchimbudzi kachitatu angayankhe kuti chiyani? Ndinagwedeza mutu kuvomela. Anafunsa ngati mutu ukuzungulila, ndipo unkazunguliladi, ndinavomelanso. Anafunsa ngati ndinadya kanthu nditagwila mbewu, ine ndinali nditazolowela kale kuvomela, mutu unangopita wokha. Ndili ndi matenda amenewo, munthu wamkulu akandifunsa mwachifundo sinditha kunena kuti ayi.

Zinthu zinathamanga kuchokela pamenepo. Anandigwila m'chiuno n'kundikhazika pa thumba pakhonde la shopu, anatulutsa ogula n'kutseka chitseko cha shopu, anaitana mayi wogulitsa mabanzi pafupi kuti abwele ndi beseni ndi madzi. Anthu anasonkhana, paja pa boma munthu akadwala pamsewu palibe amene amakhala ndi changu. Wina anati andimwetse mkaka, wina anati makala osinja, mayi wina anayamba pemphelo. A NyaMtonga anakana zonse za kumwa, anati choyamba ndi kusamba, kenako kuchipatala ndi paketi ya mbewuyo kuti adokotala aone dzina la mankhwala. Bambo wina wa njinga yonyamula anthu anali ataiimika kale kutsogolo kwanga, phazi lili pa pedulo. Ine, munthu amene ananditumiza chifukwa sindioneka, ndinali pakati pa msika wonse, wabuluu.

Ndikanatha kunena zoona pamenepo. Mawu anali pakamwa, koma maso anali ambili, ndipo mphindi iliyonse imene ndinakhala chete inapangitsa kuti yotsatila ikhale yovuta kwambili.

A NyaMtonga anagwada pansi, pa simenti, patsogolo panga. Mayi wamkulu kugwadila ine. Anandisambitsa kumaso ndi dzanja lawo, kenako anatenga chibakela changa cha kumanzele n'kuchitsegula chala chimodzichimodzi. M'chikhato munali buluu yekhayekha wosawelengeka, ndipo ndinayamba kuganiza kuti mwina Mulungu wandikumbukila. Kenako anamasula batani la bulauzi kuti asambitse mpaka m'chigongono, n'kupinda.

Zilembo zanga zokongola zija zinali pomwepo, zouma bwino, mzele ndi mzele. Ndinaona milomo yawo ikuyenda. Anawelenga kuyambila pa moni mpaka pa fumbi, anatembenuza mkono pang'ono kuti aone zimene zinapitilila kuseli. Mayi wa mabanzi anasendela kuti aone nawo, koma a NyaMtonga anafulumila kupaka sopo pamkono ponse mpaka thovu linaphimba zonse. Anatembenukila kwa anthu n'kunena ndi mawu wamba: "Ndi inki chabe. Mwanayu sanadye mbewu, watentha ndi dzuwa. Pitani, zikomo."

Anthu anaseka, ena anaoneka okhumudwa kuti nkhani yatha msanga, bambo wa njinga anachoka akudandaula kuti wataya makasitomala awili. A NyaMtonga sanadzuke. Anapitiliza kundichapa mkono mpaka unayela, modekha, monga mmene amasambitsila mwana, ndipo madzi a m'beseni anasanduka buluu. Sanandiyang'ane kumaso. Ndikanakonda akananditukwana.

Atatsegulanso shopu anandilowetsa, anandipatsa mpando wawo kuseli kwa kauntala, anang'amba chikatoni cha mbewu n'kundipatsa chidutswa pamodzi ndi bolopeni yawo. Anati popeza andifufutila ntchito yanga, andithandiza kuikumbukila. Ndipo anayambadi kundiuza, uku akupimila mlimi wina mbewu: poyamba munalemba za moni, mphindi khumi ndi imodzi, ndi zoona. Kenako yunifomu. Kenako fumbi, liliponso, sindinasese kuyambila m'mawa. Anakumbukila mzele ulionse, bwino kuposa mmene ine ndikanakumbukila.

Ndinalila, anzanga, kulila kwa mamina, pa mpando wa eni ake. Ndinawauza kuti ndikalemba kuti zonse zinali bwino, kuti anandilandila pakhomo, kuti yunifomu anavala. Anadikila mlimi uja atuluke, ndiye anati: "Musaname chifukwa cha ine, mama. Mawa atuma wina, adzapeza zakuda zomwezi, ndiye wabodza mudzakhala inu." Anandiuza kuti amuna awo anamwalila mu Ogasiti, ndipo zakudazo savula okha, amadikila tsiku limene achibale a malemu adzabwele kudzawavula. Anati anawauza akuluakulu a kampani pa foni, iwo anati palibe vuto, koma palibe amene analemba penapake. Za kumwetulila anati ayesa chaka chamawa. Potuluka anandikumbutsa kapaketi kanga ka mbewu kamene ndinaiwala pa thumba, n'kundiuzanso kuti ndisadzale pafupi ndi chitsime. Sindidziwa ngati ankanditonza kapena anali asanadziwe kuti dimbalo nalonso kulibe.

Kunyumba ndinakhala ndi fomu ija masiku awili. Pafupifupi mafunso ake onse anali a inde kapena ayi, timabokosi tokhatokha. Ndinayesa kuchonga inde pa moni, dzanja linakana, ndinkamva mawu awo. Ndinachonga zoona, ayi, ayi, ayi, kenako ndinatembenuza fomu n'kulemba kuseli masamba onse awili: za ulusi wa agogo aja, za sopo wa m'chikwama, za maliro a mu Ogasiti, za mmene anatsekela shopu kuti apulumutse munthu amene ankaganiza kuti akufa, ndi mmene anadziwila zoyenela kuchita pamene ena onse ankafuula za mkaka. Funso lomaliza linali lakuti kodi wogulitsa anakuzindikilani, ndipo ngati inde, fotokozani. Ndinafotokoza.

Madamu anandiimbila patapita sabata. Anaseka nthawi yaitali, anaitana ndi anzawo a mu ofesi kuti ndiwafotokozele ndekha za beseni. Atatha kuseka ndinafunsa ngati awelenga zakuseli. Anati awelenga, ndipo ndimalemba bwino, koma mu kompyuta mumalowa timabokosi tokha. Sanandiimbilenso, ndipo Tamala anakhala mwezi wathunthu akundipatsa moni wa mawu awili.

Mu Disembala ndinalimba mtima, ndinatenga kandowa ka nshawa zosenda n'kukwela minibasi. M'shopu muja ndinapeza mnyamata wa yunifomu yosita bwino, amene anandipatsa moni phazi langa lisanaponde pakhomo, n'kundipatsanso wina nditafika pa kauntala. Pansi panali pong'anima. Nditafunsa za a NyaMtonga anandilozela kuseli, ku shedi yosungila katundu. Sanawachotse ntchito, anawachotsa pa kauntala, monga mmene madamu ananenela tsiku loyamba lija pamene ine ndinkaganiza za minibasi. Tsopano amayang'anila matumba akamatsitsidwa m'lole, m'fumbi, tsiku lonse ali chiimile. Pakhomo pa shedipo ndinapeza alimi atatu atakhala pa njelwa ndi mabotolo amene anagula kutsogolo, kudikila kuti a NyaMtonga apeze mpata awauze kathilidwe kake.

Ndinali nditakonza mawu ambili opepesa, koma atanditulukila onse anathawa. Ndinagwada n'kuika kandowa pansi. Iwo anandidzutsa, anagwila manja anga onse awili, anawatembenuza, anayang'ana m'zikhato, anapinda bulauzi mpaka m'zigongono, uku alimi atatu aja akuonelela osamvetsa. Ndiye anafunsa, nkhope ili phee: "Bwanji, lelo nyuzipepala sinatuluke?"

Nshawa analandila, anati zikomo, anandifunsa za amayi, kenako lole inalila ndipo anabwelela ku matumba awo. Sanandiuze kuti andikhululukila, sanandiuzenso kuti sanandikhululukile, ndipo ine ndinalibe nkhope yofunsila.

Choncho anzanga, mukamva kuti kwinakwake akufuna munthu wachete woti akaone anzake mmene akugwilila ntchito, musatchule dzina langa, ngakhale atati malipilo ake ndi ng'ombe. Ndipo mukadzandipeza pamsewu n'kufuna kundipatsa nambala ya foni pomwe palibe pepala, musanditambasule dzanja. Ndiloleni ndiiwale.